Dzuwa la Pagalasi

MUTU 3

1. Chipinda cha pansi

Chipinda chawo chinali pansi penipeni pa nyumba yosanja, kumathero kwa kanjira kamdima kodutsa pakati pa zitseko za anthu ena. Munali bedi, tebulo, wailesi yakanema yaing'ono ndi zenera limodzi. Zeneralo linayang'anizana ndi khoma lalitali la nyumba yosungiramo katundu, ndipo silinkatseguka. Amayi analikhomera misomali.

Dzuwa linkalowamo kanthawi kochepa, kukamayandikira masana. Linkadutsa pagalasi n'kugwera pasimenti, kachigamba kosaposa thireyi. Pakachigamba pamenepo ndi pamene ankakhazika Bwanamkubwa.

Dzinali anamupatsa ndi anthu a m'nyumbamo. Anali ndi zaka zinayi, koma masaya ngati mabanzi, khosi losaoneka, mimba patsogolo. Akakhala pampando n'kusanjika manja pamimba, unkangoona ngati ayamba kulemba anthu ntchito.

Mlongo wake anali mtsikana wa fomu yoyamba. Aliyense ankangomuitana kuti Chisamba, poti ndiye anali woyamba kubadwa. Pakati pa awiriwa panali mnyamata wina wosakhazikika, amene ankamutcha Gologolo. Tsiku lina Gologolo anathamangira mpira umene unatulukira pageti, ndipo lole yonyamula katundu inalephera kuima. N'kuti Bwanamkubwa akuyamba kumene kukwawa, bambo awo atamwalira kale.

Maliro atatha, amayi anakhoma zenera, anagula loko wamkulu, ndipo mwana wamng'onoyo sanapondenso panja.

Amayi ankasita zovala ku hotela. Ankachoka dzuwa lisanatuluke n'kubwera litalowa, atanyamula kajumbo ka mabisiketi, tchipisi ndi chakumwa chotsekemera. Mwana akalirira kunja, ankamutseka pakamwa ndi bisiketi. Masiku a sukulu ankamusiya kwa atelala, mayi wa chitseko choyandikana, amene chipinda chawo chinalibe zenera n'komwe. Sukulu ikatsekera, mlonda wake anali Chisamba, kiyi ali pachingwe m'khosi.

2. Kwa anamwino

Pa tchuthi china Bwanamkubwa anayamba kutsokomola. Amayi sakanatha kujomba kuntchito, choncho anatuma Chisamba kukachipatala ka kuseri kwa msika.

"Umubereke, umufunditse nsalu, ndipo usamutsitse mpaka mubwere. Wamva?"

Chisamba anakafika thukuta lili kamukamu, msana ukuwawa. Anamwino anali mayi wachikulire wa magalasi okhuthala. Anamvetsera chifuwa cha mwanayo n'kunena kuti n'chimfine chabe. Koma atamuika pasikelo, sanaseke monga ankasekera anthu ena.

"Tamusiya ayende."

"Amayi anati ndisamutsitse."

"Muno mwadutsa galimoto? Musiye ayende."

Bwanamkubwa anayenda kuchoka pasikelo kupita pakhomo, akupendekera uku ndi uku ngati bakha. Kunyumba ankangoti ndiwo mayendedwe a mabwana. Koma tsikuli, ataima chapatali, Chisamba anaona zimene anamwino ankaona. Miyendo inali yokhota, moti pakati pa mawondo pakanatha kudutsa mphaka.

Anamwino anadina pamsongolo. Mwana anakuwa. Anamwino anagwira polumikizira dzanja ndi mkono n'kupeza potupa, ndipo sanali mafuta koma fupa.

"Amasewera kuti mwanayu?"

"M'nyumba."

"Nanga dzuwa?"

"Amaothera pazenera. Amayi amati tizimukhazika pamene lagwera."

"Zenera lotsegula?"

"Lotseka. Lili ndi galasi."

Anamwino anavula magalasi awo n'kuwaika patebulo.

"Khala pansi, mwana wanga, undimvetsere bwino chifukwa ukanena zimenezi kunyumba. Mafupa a mwana ali ngati khoma limene likumangidwa. Mkaka, tinsomba todyera limodzi ndi minga ndi ndiwo zamasamba zimabweretsa zomangira. Koma zomangirazo sizingalowe m'fupa popanda chinthu chotchedwa vitamini D. Vitamini ameneyu timamupeza pang'ono m'mazira ndi m'nsomba zamafuta, koma wambiri amapangidwa ndi khungu lathu lomweli likawombedwa ndi dzuwa. Ndikunena dzuwa lenileni, la panja. Galasi limalola kuwala ndi kutentha kudutsa, koma mphamvu imene khungu limafuna imatsalira kunja. Mlongo wakoyu wakhala akuothera dzuwa lopanda kanthu.

"Chachiwiri ndi thupili. Anthu akaona mwana wonenepa amati ndi wathanzi. Si nthawi zonse. Mafuta ochuluka a m'thupi amameza vitamini D n'kumusunga, osamulola kuyenda m'magazi kukagwira ntchito. Wochepa yemwe mwanayu ali naye watsekeredwa m'mafuta, monga mwini wake watsekeredwa m'nyumba. Ndiye taganiza, mafupa ofewa pansi, katundu wolemera pamwamba. Ndiwo matewe ukuwaonawa. Zikapitirira chonchi, fupa likhoza kuthyoka ndi kugwa kwachabechabe. Ukawauze amayi ako abwere naye, tiwatumize kuchipatala chachikulu akamuyeze magazi. Pakadali pano azituluka panja m'mawa dzuwa lisanakule, osamufunditsa manja ndi miyendo. Mabisiketi achepe. Wamva, kapena ndibwereze?"

"Ndamva."

Pobwerera Chisamba anamuberekanso, koma nsalu sanamufunditse, ngakhale mwanayo anagona tulo njira yonse.

3. Mawu a amayi

Madzulo anadikira amayi avule nsapato, ndipo anawafotokozera zonse. Amayi anayang'ana Bwanamkubwa, amene anali atayamba kale kung'amba kajumbo.

"Wodwala ameneyu? Tamuona. Ana odwala ndinawaonapo ine, nthiti zimachita kuwerengeka. Uyu anthu amandiyamikira pakanjirapa kuti ndimadziwa kulera."

"Akuti mafutawo ndi amene…"

"Akuti, akuti. Matewe agogo ake aamuna anali nawo, ndipo anamwalira atakalamba, akuyenda okha."

"Akutinso dzuwa la pagalasi silithandiza."

"Dzuwa ndi dzuwa. Likagwera pasimentipa sipatentha?"

Chisamba anafuna kuyankha, koma amayi anakhala pabedi n'kutsitsa mawu.

"Iwe Chisamba, bwera pano. Anamwino akowo sanatolepo nsapato ya mwana pamsewu. Ine ndinatola. Imodzi yokha, ya kumanzere, chingwe chili chimangire monga ndinamangira m'mawa. Gologolo anali wa mafupa olimba. Ankakhala padzuwa tsiku lonse, ankathamanga kuposa ana onse a pano. Mafupa akewo anamuthandiza chiyani? Ali kuti lero? Ine ndatsala ndi inu awiri. Uyu ayende ngati bakha, ayende ngati chiyani kaya, bola ndikamabwera madzulo ndizimupeza akupuma. Ndimasita zovala za anthu tsiku lonse mtima uli kuno, ndipo chimene chimandilimbitsa n'chakuti chitseko n'chokhoma. Kiyi ameneyo ndinakupatsa kuti uzitseka, osati uzitsegula. Tsiku limene udzamutulutse, udzakhala wandibaya pamtima. Ndatha."

Nkhani ya nsapato amayi anali asanaifotokozepo kwa munthu aliyense. Chisamba anapita kukatsuka mbale.

4. Kiyi

Panapita masiku angapo. Chimfine chinatha, koma za chipatala chachikulu amayi sanazitchulenso.

M'mawa wina Bwanamkubwa anakana kuimirira. Anatsika pabedi n'kukwawa ngati khanda mpaka pamalo pake paja, n'kukhala pasimenti pozizira kudikira dzuwa.

"Imirira, bwana. Antchito akuseka."

"Miyendo ikuluma, achemwali."

Anayang'ana zenera.

"Achemwali, dzuwa likachoka pano limapita kuti?"

"Limakhala panja."

"Lalikulu?"

"Lalikulu kwambiri."

"Kuposa thireyi?"

Chisamba anagwira kiyi wa m'khosi uja. Kuseri kwa nyumbayo kunali bwalo loyanikapo zovala, lozunguliridwa ndi mpanda wa njerwa. Geti linali kutsogolo. Kubwaloko sikukanafika galimoto, ngakhale njinga. Anamuveka mlongo wake kabudula ndi malaya a manja aafupi, n'kutsegula loko.

Atelala anasuzumira pakhomo pawo, tepi ili m'khosi.

"Iii, abwana akukayendera maofesi lero? Amako akudziwa?"

"Tikungopita kuseriku. Sitichedwa."

"Ine maso anga ali pa makina, mwana iwe. Sindinaone kanthu."

Atafika pabwalo, Chisamba anamutsitsa. Bwanamkubwa anatsinzina, n'kuphimba nkhope ndi manja onse awiri. Kenaka anasuzumira pakati pa zala. Anaona zovala zikuuluzika pazingwe, amayi awiri akuchapa pampopi, ndi thambo lopanda denga.

"Likundigwira, achemwali! Likundigwira pamiyendo!"

Anaiwala zoti miyendo imaluma. Anayenda pang'ono, n'kuima modzidzimuka, akuloza pansi.

"Wina akunditsatira!"

"Ndi chithunzithunzi chako chimenecho."

"N'chonenepa!"

Amayi ochapa aja anaseka mpaka kugwira m'mimba. Chisamba nayenso anaseka. Anali ataiwala mmene kuseka kwake kumamvekera panja.

Anatola chibolopeni chakutha, anachotsa kam'kati, n'kuchiviika m'madzi a sopo. Atauzira, timipira ta thovu tinauluka, tonyezimira padzuwa. Bwanamkubwa anatithamangitsa, akupendekera uku ndi uku, akuwomba m'manja. Kamodzi kanakwera m'mwamba pang'ono. Iye anakwera pakasitepe ka pampopi kuti akafikire.

Kasitepeko kanali kafupi, kosafika n'komwe pakati pa msongolo wa munthu wamkulu. Ana a m'nyumbamo ankadumphapo tsiku ndi tsiku, ena atabereka anzawo.

Bwanamkubwa anadumpha.

Panamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu wathyola kamtengo kakawisi. Mwana anakhala pansi, anayang'ana mwendo wake, kenaka anayang'ana mlongo wake. Kulira kunabwera pambuyo.

5. Chithunzi cha mafupa

Atelala anaitana galimoto ya hayala, ndipo ndi iwo amene anaimbira foni ku hotela. Amayi anafika kuchipatala chachikulu ali ndi epuloni ya kuntchito, nsapato imodzi yosamanga. Anapeza Chisamba atakhala pabenchi, malaya ake atanyowa ndi misozi ya mwana.

Sanamumenye. Bola akanamumenya.

"Ndinakuuza chiyani?"

Anangonena mawu okhawo, n'kumudutsa.

Mwana atamuika chikhakha, adokotala a mafupa, bambo wa imvi, anawaitanira onse awiri m'kachipinda. Anapachika chithunzi cha miyendo pagalasi lowala n'kuloza ndi cholembera.

"Apa ndi pamene pathyoka lero. Nanga apa?"

Analoza mwendo winawo, pamene panali kamzere kotuwa.

"Apa panang'aluka kale, n'kupola pokha. Papita miyezi."

"Sizingatheke, adokotala," anatero amayi. "Mwana ameneyu sasewera panja. Lero ndi loyamba."

"Sindikukana, mayi. M'nyumbamo sanagwepo?"

Amayi anayang'ana pansi.

"Anatsetsereka pabedi. Anakana kuyenda masiku angapo. Ndinkati ndi ulesi."

Adokotala anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nawo.

"Mayi, sindinakuitaneni kuti ndikuimbeni mlandu, ndipo mtsikanayunso musamuimbe mlandu. Fupa la mwana wa zaka zinayi silithyoka chifukwa cha kasitepe ka pampopi. Ana amagwa m'mitengo n'kudzuka, kusasa fumbi, ulendo. Mwendo uwu ukanathyoka ngakhale m'nyumba, kaya mawa, kaya mwezi wamawa. Taonani m'mapeto mwa mafupamu mmene mwanyenyekera. Pamenepo ndi pamene mwana amakulira, ndipo pakusowa zomangira. Magazi tatenga, tiyeza, koma chithunzichi chanena kale zambiri.

"Mwamudyetsa mwanayu ndi mtima wonse, zikuoneka. Koma zotsekemera ndi zokazinga zimamanga mafuta, sizimanga fupa. Mafutawo akumulanda vitamini D, kenaka akumulemetsa. Musamumane chakudya ayi, mwana sasala. Mungosintha. Mazira, mkaka, nsomba, masamba, zipatso, ndipo akamva ludzu amwe madzi. Tikupatsani mankhwala a vitamini D, muziwapereka monga tikuuzireni, osapitiriza muyeso. Akadali wamng'ono, miyendo iyi ikhoza kuwongoka. Koma mankhwala adzatha. Akadzabwerera kumdima komweko, tidzakumananso muno, ndipo akakula nazo, kuwongola kwake kudzafuna mpeni. Chikhakha chikachoka, mwanayu azisewera panja, m'mawa kapena chakumadzulo, khungu lizionana ndi dzuwa. Fupa limalimba likamagwira ntchito. Chifukwa chiyani mumamutsekera?"



"Ndamva, adokotala," anatero amayi.

Funso lija sanaliyankhe.

6. Pazenera la m'wodi

M'mawa mwake Chisamba anabwera ndi madzi otentha m'fulasiki ndi mazira owiritsa. Bedi la Bwanamkubwa linali pafupi ndi zenera lalikulu. Chapafupi panali khomo lotulukira pakhonde, pamene amayi ena anakhala ndi ana awo padzuwa, ena a zikhakha, ena a mabandeji. Kupitirira khondelo kunali kapinga, kenaka mpanda wa waya, kenaka msewu.

Amayi anali atagona pampando, maso ofiira. Dzuwa litafika pazenera, anasuntha pilo kuti kuwala kugwere pankhope ya mwana.

"Othera, bwana wanga."

Bwanamkubwa anatambasula dzanja pakuwalako, n'kulibweza.

"Ili ndi la pagalasi, amayi. Lenileni lili uko. Kuli mnzanga wonenepa wonditsatira."

Amayi anayang'ana pakhonde. Anaimirira, anagwira chitsulo cha bedi ngati akufuna kulikankha. Nthawi yomweyo lole inadutsa mumsewu ikuliza hutala. Dzanja lawo linachoka pachitsulo ngati lapsa. Anakoka katani, n'kutembenukira kwa Chisamba, chikhatho chili chotambasula.

"Bweretsa kiyi."

"Amayi, adokotala anati…"

"Ndinamva zimene ananena, sindine gonthi. Mankhwala ndimupatsa. Mazira ndimugulira. Mabisiketi ndasiya. Koma panja ayi. Akatuluka muno abwerera kwa atelala, ndipo iwe ukamalizira tchuthi kwa azakhali ako."

"Kwa atelala kulibe zenera."

"Kulibenso msewu. Bweretsa."

Chisamba anavula chingwe m'khosi. Kiyi anali wofunda. Anayang'ana chikhakha choyera chimene chinayambira m'ntchafu mpaka kuphazi, tizala tonenepa tikusuzumira kumapeto. Thovu lija anauzira ndi iye, zimenezo sakanakana. Koma kamzere kotuwa ka mwendo winawo kanachitikira m'chipinda chokhoma.

Kumathero kwa wodi, adokotala a imvi aja anali atayamba kuyendera odwala, bedi ndi bedi, akubwera chakuno.

Chisamba anafumbata kiyi uja.

"Ndikupatsani, amayi. Koma muyambe mwawayankha adokotala. Anakufunsani dzulo chifukwa chimene mumamutsekera. Auzeni za nsapato ija."

"Iwe!"

"Mukapanda kuwauza inu, ndiwauza ine."

Chibadwire anali asanawayankhepo amayi ake chotero. Dzanja la amayi linali chitambasulire pakati pawo, lopanda kanthu.

Adokotala anaima kumiyendo kwa bedi. Anayang'ana katani wotseka, anayang'ana mayi, anayang'ana mwana wamkazi.

"Nsapato yanji?" anafunsa.